Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a chess: kuwerengera zida podyana

A Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse a kalabu yathu,

Munandituma ku msonkhano wa aphunzitsi a chess umene unachitikira ku Lilongwe kumapeto kwa sabata yatha, ndipo munandisenzetsa funso lakuti: n'chifukwa chiyani ana athu amatsegula masewero bwino, koma zida zikangoyamba kudyana pakati pa bolodi amapezeka kuti kavalo kapena bishopu wapita, osadziwa kuti wapita bwanji? Mwamwayi nkhaniyi inali pa ndandanda wa zokambirana, ndipo inatenga m'mawa wonse. Za kalembera wa osewera ndi ndalama zolowera m'mipikisano ndapereka kale kwa alembi papepala lapadera. Pano ndikamba za kudyana basi.

Otsogolera zokambirana anayamba ndi mitengo imene tonse timaidziwa: pawn ndi 1, kavalo 3, bishopu 3, rook 5, queen 9, ndipo mfumu ilibe mtengo popeza siidyedwa. Anatikumbutsa kuti katswiri wa masamu Claude Shannon, polemba mu 1950 za mmene kompyuta ingasewerere chess, anagwiritsa ntchito manambala omwewa. Iye anachenjezanso kuti kuwerenga zida kumakhala ndi tanthauzo pokhapokha pabolodi pali bata, kudyana kutatha. Ukawerenga utangodya queen wa mnzako pamene wakonso akudyedwa pompo, nambalayo ikunamiza. Vuto la ana athu lagona pamenepa. Mitengo amaidziwa pamtima, koma amasiya kuwerenga msanga, kawirikawiri pamene zinthu zikuoneka zowakomera.

Aphunzitsi anatchula njira zosiyanasiyana zimene amaphunzitsa. Ena amauza mwana kuti azisonkhetsa manambala m'mutu, zimene wadya mbali ino, zimene wadyeredwa mbali inayo. Ena amati aone m'maganizo bolodi la kumapeto ndi kuwerenga zotsala, koma njira imeneyi imafuna diso la wosewera wokhwima. Imene inandigwira mtima ine ndi yofafaniza zofanana: kavalo akadyedwa uku wina n'kudyedwanso uko, iwalani onse awiri, musunge chokhacho chimene chilibe mnzake. Zili ngati anthu awiri okongozana ndalama zofanana, ngongole imathera pomwepo popanda wotulutsa khobidi.

Kuti tione kusiyana kwake, anatiikira pabolodi lalikulu masewero a Efim Bogoljubov ndi Lothar Schmid a mu 1949 ku Bad Pyrmont, m'dziko la Germany. Bogoljubov, amene anali ndi zoyera, ndi uja analimbana ndi Alexander Alekhine pa ukatswiri wa dziko lonse mu 1929 ndi 1934, ndipo Schmid ndi amene anadzakhala woyimbira mpikisano wa Fischer ndi Spassky ku Reykjavik mu 1972. Anasewera motere (N ndi kavalo, B bishopu, R rook, Q queen, K mfumu, x ndi kudya, + ndi cheki): 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Nc3 Nf6 4.d4 exd4 5.Nxd4 Nxe4 6.Nxc6 Nxc3 7.Nxd8 Nxd1 8.Nxf7 Nxf2 9.Nxh8 Nxh1. Anatiimitsa pa 5...Nxe4, kutiletsa kugwira zida, n'kutiuza kuti tinene amene ali patsogolo pofika kusuntha kwa nambala 9. M'holo monse munangoti zii, ena milomo ikugwedera, ena akupinda zala pansi pa tebulo. Amene ankasonkhetsa manambala anayenera kunyamula 19 ndi 20 m'mutu, ndipo mayankho awo anasiyanasiyana. Amene ankafafaniza anamaliza msanga: pawn ndi pawn pa d4, kavalo ndi kavalo, queen ndi queen, pawn wa pa f7 ndi wa pa f2, rook ndi rook. Chotsala ndi pawn wa pa e4 yekha, choncho wa zakuda ali patsogolo ndi pawn mmodzi. Otsogolera sanatilole kuima pomwepo. Anatisonyeza akavalo awiri otsalawo, wina ali pakona pa h8, wina pa h1, n'kufunsa ngati onse atulukemo amoyo. Ngati mmodzi atsekeredwa, kuwerengera konse kwasintha. Pamapeto pake Schmid ndi amene anapambana masewerowo.

Chitsanzo chachiwiri ndikupempha kuti mphunzitsi aliyense wa kalabu yathu achiike pabolodi sabata ino, chifukwa msampha wake umagwira ana ambiri: 1.d4 d5 2.c4 e6 3.Nc3 Nf6 4.Bg5 Nbd7 5.cxd5 exd5. Wa zoyera amaona kuti pawn wa pa d5 akutetezedwa ndi kavalo wa pa f6 yekha, ndipo kavaloyo akachoka, bishopu adya queen. Ndiye amadya, 6.Nxd5. Wa zakuda amabwezera 6...Nxd5, woyera n'kudya queen, 7.Bxd8. Mwana akafika apa m'maganizo mwake amasangalala n'kusiya kuwerenga. Koma pakubwera 7...Bb4+, ndipo palibe chotchingira mfumu kupatula queen: 8.Qd2 Bxd2+ 9.Kxd2 Kxd8. Fafanizani tsopano. Queen ndi queen, bishopu ndi bishopu. Woyera wadya pawn, wakuda wadya kavalo. Amene ankaganiza kuti waphula queen waluza kavalo posinthanitsa ndi pawn mmodzi.

Pa chitsanzo chimenechi mphunzitsi wina wachizimayi ananena chinthu chimene ndikuona kuti chikutikhudza kwambiri. Ana athu ambiri anayamba ndi draft ya zitsekerero za mabotolo, mmene kudya kumakhala kokakamiza. Amabwera ku chess ndi maganizo akuti ukadya, mnzako abwezera nthawi yomweyo. Mu chess palibe lamulo lotero. Mnzako akhoza kuyamba wapereka cheki, kapena kudya kwina, kapena kusiya osabwezera n'komwe. Choncho pa kudya kulikonse mwana azidzifunsa mafunso awiri: kodi mnzangayu ali ndi cheki? Kodi ali ndi china chodya choposa ichi?

Za kuwerenga oukira ndi oteteza sitinachedwepo. Ambiri timaphunzitsa kuti oukira akachuluka kuposa oteteza, idya. Izi n'zoona mwa theka chabe, chifukwa mitengo ndi ndondomeko ya kadyedwe zimalamula. Pawn wotetezedwa ndi pawn mnzake akaukiridwa ndi rook ndi queen, oukira ndi awiri, woteteza mmodzi, komabe ukadya umapeza ma pawn awiri n'kutaya rook, 2 posinthanitsa ndi 5. Yamba kudya ndi chida chotsika mtengo, ndipo usaiwale chida chimene chabisala kumbuyo kwa chinzake pamzere umodzi.

Mkangano weniweni unabuka pa nkhani ya f7. Tonse taonapo mwana ali ndi bishopu pa c4 ndi kavalo pa g5, mnzake atabisa kale mfumu ku g8, ndiye amathamangira Nxf7 Rxf7 Bxf7+ Kxf7. Ukamufunsa amayankha molimba mtima kuti wapereka 6 ndipo walandira 6. Aphunzitsi ena anati tisamudzudzule, popeza wawerenga molondola malinga ndi zimene tinamuphunzitsa. Ena anati kusinthana kumeneku n'koluza, chifukwa wapereka zida ziwiri zimene zinali kale pankhondo, pamene ma rook akewo akadali m'makona osagwira ntchito. Otsogolera anatchula kafukufuku wa Larry Kaufman wa mu 1999, amene anasanthula masewero ambirimbiri a akatswiri n'kupeza kuti kavalo ndi bishopu aliyense amakwana 3.25, queen 9.75, ndipo kukhala ndi mabishopu onse awiri pamene mnzako alibe kumawonjezera theka la pawn. Ndi mitengo imeneyi, mwana uja wapereka 6.5 kapena kuposa, n'kulandira 6. Ine ndinaima ndi gulu lachiwiri, koma sindikuona kuti n'kwanzeru kusenzetsa ana a sitandade 5 manambala a timadontho. Aphunzire kutchula zida ndi mayina ake: “Ndapereka bishopu ndi kavalo, ndalandira rook ndi pawn.” Akatero tingathe kukambirana naye ngati malondawo ali abwino. Akangoti “6 kwa 6”, nkhani imathera pomwepo ndipo saphunzirapo kanthu. Panatchulidwanso Tigran Petrosian, amene anapereka dala rook kuti adyedwe ndi bishopu posewera ndi Samuel Reshevsky ku Zurich mu 1953, koma tinagwirizana kuti zimenezo n'za ophunzira amene kuwerenga kwawo kwakhazikika kale.

Woyimbira mipikisano wina anatichenjeza pa zizolowezi ziwiri. Choyamba ndi kusuzumira zida zodyedwa zimene zili pambali pa bolodi. Muluwo umanamiza: mnzako akhoza kufumbata pawn m'manja, china chagwera pansi, kapena queen wachotsedwapo pamene pawn wafika kumapeto. Werengani zimene zili pabolodi. Chachiwiri ndi foni. Pa Lichess ndi Chess.com, masamba a pa intaneti osewererapo chess, kompyuta imakuonetsa pambali amene ali patsogolo ndi zida zingati, ndiye ana amazolowera kuwerengeredwa. Pampikisano palibe zimenezo, ndipo malamulo a FIDE, bungwe loyendetsa chess pa dziko lonse, salola kulemba masamu kapena zokumbutsa papepala lolembapo masewero, ngakhale kuyesera pabolodi lina masewero ali mkati. Chida ukachigwira dala uyenera kuchisuntha. Zonse zichitikire m'mutu dzanja lisanatambasuke.

Ndikupempha komiti kuti ivomereze kuti Loweruka lililonse, tisanayambe kusewera, tizipatula mphindi 15 za kuwerengera basi. Mphunzitsi aziika bolodi, ana manja kumbuyo, aliyense anene mokweza zimene zadyedwa mbali zonse ndi chimene chatsala, kenako tisunthe zida kuti tione ngati analondola. Tiyambe ndi kudyana kwa zida ziwiri kapena zitatu, ndipo masewero a Bogoljubov ndi Schmid tiwasungire akuluakulu. Ndikupemphanso kuti mwana aliyense azibweretsa pepala la masewero amene waluza, kuti tipeze limodzi malo enieni amene anasiyira kuwerenga.

Chimene tikusowa ndi bolodi lopachika pakhoma, chifukwa ana opitirira khumi sangaonere bwino pa tebulo limodzi. Aphunzitsi ena anatisonyeza lawo lodzipangira ndi lata ndi timaginito, ndipo miyeso yake ndalemba. Malisiti a ulendo ndi ndalama yotsala ndapereka kwa asungichuma. Ngati a Wapampando alola, ndidzaonetsa zitsanzo ziwirizi pa msonkhano wathu wa Loweruka likubwerali, ndipo ndikupempha aphunzitsi onse afike msanga ana asanabwere.