Ku sikelo aziitana banja lonse, osati mayi yekha

A Mkonzi,

Ndipatseniko mpata ndilankhulepo za nkhani imene ambiri kuno ku Zomba sitiiwerengera m'gulu la mavuto: kunenepa kopitirira muyeso kwa ana osakwana zaka zisanu. Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo masana onse ndimaswera ndi mdzukulu wanga wa zaka zinayi, poti mayi ake ndi bambo ake amalawirira kuntchito.

Mwanayu anthu akhala akumuyamikira kuyambira ali wakhanda. Kutchalitchi amayi ankalimbirana kumunyamula, amvekere, "Koma agogo mumatha kulera, taonani masayawa." Ine mtima unkakhala m'malo. Amene munaona njala ya 2002 mukudziwa chifukwa chake. Tinaona ana atatupa mapazi, tsitsi litafiira. Tinadutsanso m'zaka zija pamene munthu akangoyamba kutsika thupi, anthu ankanong'onezana za kaliwondewonde. Mbadwo wathu unaphunzira kuopa kuwonda, ndipo palibe anatiuza kuti kunenepa nako kuli ndi malire ake.

Chaka chatha mwana wanga anabwera kuchokera ku sikelo nkhope ili yakugwa. Alangizi a zaumoyo anayeza kulemera ndi msinkhu wa mwana, nkumuuza kuti thupi lachuluka poyerekeza ndi kutalika kwake. Anamupatsa malangizo, iye nkudzandifotokozera. Kunena zoona ndinakhumudwa. Ndinamuyankha kuti ndinalera ana asanu, iyeyo mmodzi wa iwo, ndipo palibe amene anadwalapo chifukwa cha kudya. Apongozi anga, bambo a mwanayo, anangoti akula nazo, zitha zokha. Miyezi itatu inadutsa popanda kanthu kosintha.

Nanga zikanasintha bwanji? Amene anamva malangizo ndi amene amamudyetsa kamodzi kokha patsiku, madzulo. M'mawa tiyi ndimapanga ndine, masipuni atatu a shuga, ndi mandasi awiri. Popita ku sukulu ya mkaka m'chikwama mumakhala mabisiketi ndi kabotolo ka chakumwa chotsekemera, chifukwa anzake onse amatenga zomwezo. Akaweruka, ine nditatopa, ndinkamupatsa foni kuti aonere makatuni ndipumeko. Bambo ake safuna kulowa m'nyumba chimanjamanja, choncho madzulo kumabwera chipisi kapena zigege. Amalume ake akabwera kudzationa amadzera pa okala kukagula maswiti. Aliyense ankati zake nzochepa, ndipo aliyense ankachita mwachikondi.

Atabwereranso ku sikelo, alangizi aja anafunsa funso limene ndikufuna lizifunsidwa paliponse: "Kodi amayi, mwanayu amaswera ndi ndani?" Atamva, anapempha kuti ulendo wotsatira tipite tonse atatu. Ndinapita monyinyirika, ndikuyembekeza kukadzudzulidwa ndi munthu wa msinkhu wa ana anga. Sanatero. Anatikhazika pabenchi nati, "Agogo, yambani ndinu. Dzulo atadzuka anadya chiyani?" Ndinanena zanga, mayi ake ananena zawo, bambo akenso zawo. Titaziika pamodzi, tonse tinangoti chete. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa zonse zimene mwanayu amadya tsiku limodzi.

Zimene anatiuza ndazisunga, ndipo ndi zosiyana ndi zimene ndinkaopa. Mwana wamng'ono chonchi sitimumana chakudya kuti awonde ayi, chifukwa akukula. Chofunika nchoti thupi lisamawonjezereke mothamanga, msinkhu ulipeze. Tisamuphikire zakezake ife tikudya zina iye akuona. Zimene zachoka kwa iye zichoke m'nyumba monse. Tisamukakamize kumaliza mbale akanena kuti wakhuta, ndiponso tisamunyengerere ndi maswiti akamalira. Anatsindika kwambiri za mayina. Tinali titazolowera kumutchula kuti "bwana mkubwa" pomuseka, osadziwa kuti mwana wa zaka zinayi amamva ndipo amasunga. Pomaliza anati tisankhe tokha zinthu ziwiri kapena zitatu zoti tiyambire, osati zonse nthawi imodzi.

Tinasankha shuga, chikwama cha kusukulu ndi foni. Shuga tinachepetsa pang'onopang'ono m'tiyi wa aliyense, wanga womwe. M'chikwama munayamba kulowa madzi, nthochi, mbatata yophika kapena chimanga chachiwisi. Pamenepa ife a ku Zomba tilibe chonamizira. Msika wathu suuma zipatso chaka chonse: mapeyala, magwafa, mango, masuku, ndi zija amatsika nazo anthu kuchokera kuphiri. Matemba a ku Chilwa, nandolo, nkhwani wotendera, bonongwe, zonsezi mwana amadya akaona akulu akudya. Apongozi anga sanasiye kubwera ndi kanthu m'manja, koma tsopano kanthu kake ndi papaya. Foni ndiye inavuta. Sabata yoyamba kunali kulira kosaneneka, mpaka ndinatsala pang'ono kugonja. Chinatipulumutsa ndi mpira wachikulunga ndi ana a aneba.

A Mkonzi, ndikudziwa kuti ena ati m'dziko losauka ngati lathu nkhaniyi ndi ya anthu okhuta. Ndikuwamvetsa. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016, amene anachita a National Statistical Office omwe likulu lawo lili konkuno ku Zomba, anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Limeneli ndiye vuto lalikulu, ndipo sindikupempha kuti chiponde kapena Likuni Phala zichepe. Koma kafukufuku yemweyo anapeza kuti ana pafupifupi 5 mwa 100 alionse ndi onenepa kopitirira, pamene owondetsetsa anali 3 mwa 100. Ndani wa ife ankaganiza kuti onenepawo angapose owondawo? Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2022 ana oterewa analipo 37 miliyoni padziko lapansi, ndipo muno mu Africa chiwerengero chawo chakhala chikukwera kuyambira 2000. Kunenepa sikutanthauza kuti mwana akudya bwino. Akhoza kukhala wodzaza ndi ufa woyera, mafuta ndi shuga koma magazi ali ochepa m'thupi. Ndipo mwana amene wanenepa ali wamng'ono kawirikawiri amakula nalo thupilo, nkudzakumana ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Ife amene timakhala pamzere mwezi ndi mwezi kudikira mankhwala a matenda amenewa sitingafunire mdzukulu zoterozo.

Za kusewera ndi foni a WHO omwewo anaika poyera mu 2019: mwana wa zaka zitatu kapena zinayi azitakataka maola osachepera atatu patsiku, asapitirire ola limodzi ali pa TV kapena foni, ndipo azigona maola 10 mpaka 13. Kumudzi maola atatuwo amakwana okha. M'tauni, momwe tamanga mipanda ndipo tikuopa njinga zamoto za kabaza pamsewu, mwana amatha kuswera pampando tsiku lathunthu.

Pempho langa kwa akuluakulu a zaumoyo m'boma lino ndi ili. Sikelo ndi malo okhawo amene pafupifupi mwana aliyense amafika, wolemera ndi wosauka yemwe, kotero ndi pomwe vutoli lingagwidwe lisanakule. Koma kuika mwana pasikelo kokha sikukwanira. Msinkhu uziyezedwanso, poti kunenepa kopitirira kumaoneka ukayerekeza ziwirizi. Kachingwe koyezera mkono kaja kamathandiza kupeza wonyentchera, wonenepa sikamuona. Ndipo zikapezeka, malangizo asathere pa mayi. Mayi wachitsikana sangakwanitse yekha kuuza amayi ake omubereka kapena apongozi ake kuti asinthe kaphikidwe, ngakhalenso kuletsa mwamuna wake kugulira mwana wake zinthu. Mawu omwewo akachokera kwa alangizi, onse ali pomwepo, amalowa. Pamene pali mtsikana wantchito amene amalera mwana, nayenso aziitanidwa, chifukwa mphika uli m'manja mwake. Aphunzitsi a sukulu za mkaka nawo athandizepo: akagwirizana ndi makolo onse za zoyenera kuika m'chikwama, palibe mwana amene angalire kuti anzake akumwa zotsekemera iye akumwa madzi.

Ndikudziwa kuti alangizi ndi ochepa ndipo mzere wa sikelo umatalika. Amene anatithandiza ife anachita kutipatula anthu atatha, nthawi yake yopuma. Zisamadalire mtima wa munthu mmodzi. Apongozi anga anachita kupempha tchuthi kuntchito kuti apezekepo, ndipo abambo ambiri sangathe kutero. Bwanji patakhala Loweruka limodzi pamwezi loti mabanja otere azibwera onse, agogo ndi abambo omwe? Ife tsiku lathu lobwereranso ndi mwezi wamawa, ndipo amalume ake a mwanayu avomera kupita nafe.

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Zomba