Lipoti la msonkhano wa makochi: za kusinthana osewera ku NBA

A Wapampando ndi makochi anzanga nonse,

Zikomo pondituma. Ndinayenda bwino, ndipo malisiti a thiransipoti ndapereka kwa a msungichuma. Zam'mawa zinali za kalembera wa osewera, ndidzafotokoza tikakumana. Pano ndilembe za masana, za kusinthana osewera ku NBA, ligi ya basiketibolo ya ku America, chifukwa zinandiyankha funso lomwe anyamata athu amandifunsa: timu ingagulitse bwanji katswiri wake?

Otiphunzitsa anayamba ndi kulemba manambala awiri pa bolodi. Mu sizoni ya 2024-25, malire a malipiro a timu yonse ku NBA anali pafupifupi madola 141 miliyoni. Kupyola pamenepo n'kotheka, koma kutsogolo kuli msonkho womwe timu imalipira malipiro akakwera kwambiri, kenako mzere wina womwe amati second apron, pafupifupi madola 189 miliyoni. Mzerewu unabwera ndi mgwirizano wa ligi ndi osewera wa 2023. Timu ikaudumpha imamangidwa manja: singaphatikize malipiro a osewera awiri kuti ipeze mmodzi wodula, singawonjezerenso ndalama posinthana.

Kenako anatenga nkhani ya Karl-Anthony Towns. Timu ya Minnesota inamusankha woyamba pa osewera atsopano olowa mu ligi mu 2015, anaisewerera masizoni 9, ndipo mu 2024 anafika nayo mu fainolo ya chigawo cha kumadzulo cha ligi. Miyezi yochepa chabe, mu Okutobala, a Minnesota anamutumiza ku New York Knicks, iwo n'kulandira Julius Randle, Donte DiVincenzo ndi mwayi umodzi wosankha wosewera watsopano. Kochi wina kumbuyo kwanga anadzuma mokweza, nanenso mtima unandipweteka. Koma taonani mmene zinalili. Kontrakiti yatsopano ya Towns, ya zaka zinayi, inali ya madola pafupifupi 220 miliyoni. Ku Minnesota komweko malipiro a Anthony Edwards nawo anali atakwera, a Rudy Gobert ndi okwera kale, ndipo atalitali analipo awiri, Gobert ndi Naz Reid. Ku New York kunali mpata: Isaiah Hartenstein anali atapita ku Oklahoma City, Mitchell Robinson ali wovulala. Wina anali ndi atalitali ochuluka ndi ndalama zothina, wina alibe woima pansi pa basiketi.

Ndinafunsa ngati uku si kutaya munthu amene anakukhetsera thukuta. Anandiyankha kuti matimu onse awiri anafika mu mafainolo a zigawo zawo mu 2025. N'zoona, komabe kwa ine yankholi silinathetse za munthuyo ndi banja lake.

Anatchulanso Boston, akatswiri a 2024, omwe anatulutsa Jrue Holiday ndi Kristaps Porziņģis mu 2025 katswiri wawo Jayson Tatum atavulala, pofuna kutsika pansi pa mzere uja.

Ife malipiro tilibe, koma malo m'timu ndi owerengeka. Ndikupempha kuti tisanalandire anyamata atatu omwe akufuna kubwera, kochi aliyense alembe malo omwe tikuperewera. Mapepala a msonkhano ndibwera nawo Lachitatu ku bwalo.

Ine nthumwi yanu.