Za Mlamba ndi Mbuna M'thanki Imodzi

Achimwene okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino kutaliko. Mwafunsa ngati nsomba za mtundu wa mlamba zingakhale m'thanki imodzi ndi mbuna zanu zija. N'zotheka, koma musangotola iliyonse.

Mlamba weniweni uja, Clarias gariepinus, muuiwale. Umakula mpaka kupitirira mita, ndipo usiku mbuna zikagona umameza iliyonse yokwana pakamwa pake. Kampango n'chimodzimodzi. Corydoras, nsomba ina ya mtundu wa mlamba, nayonso ayi: ndi yaing'ono, ndiponso imachokera ku South America komwe madzi ake ndi ofewa (opanda michere yambiri), pomwe mbuna zimafuna pH (muyeso wa asidi m'madzi) ya pakati pa 7.8 ndi 8.6. Zidzangoiluma zipsepse, ndipo nsomba yaikulu ikayesa kuimeza, minga yake imakodwa pakhosi, zonse ziwiri n'kufa.

Sankhani za gulu la Synodontis. Nkholokolo, Synodontis njassae, ndi ya m'nyanja ya Malawi momwe muchokeranso mbuna, choncho madzi ake ndi amodzi: kutentha kwa madigiri 24 mpaka 27. Minga yake yolimba imachititsa kuti mbuna ziipatse ulemu. Koma ngati mukufuna kuti mbuna ziswane, pewani Synodontis multipunctatus ya m'nyanja ya Tanganyika. Imeneyi ndi yochenjera moipa: imaponya mazira ake pakati pa a mbuna, mbuna yaikazi n'kuwatolera onse m'kamwa, momwe imasungira mazira ake. A multipunctatus amaswa msanga, n'kudya ana a mwini kamwa.

Thanki isachepere malita 200, kutalika masentimita 120. Pansi ikani mchenga wosalala, chifukwa miyala yakuthwa imadula ndevu za nkholokolo. Mapanga achuluke kuposa nsomba, ena akhale opanikiza oti mbuna yaikulu isalowemo. Nkholokolo muike zinayi kapena zisanu, ndipo tsiku loziika musunthe miyala yonse kuti mbuna zisokonezeke malire ake.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa chakudya. Mbuna zimalimbirana chilichonse chisanafike pansi, nkholokolo n'kumaonda mwakachetechete. Muziponya timibulu tomira mukazimitsa nyali, tochepa totha m'mphindi zisanu. Tanyama tambiri ayi, mbuna zikatolako zimatupa mimba.

Sabata iliyonse sinthani gawo limodzi mwa magawo anayi a madziwo. Ndipo pogwira nkholokolo gwiritsani ntchito kapu, osati kaukonde, minga ija imakodwa.

Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu wakale.