Matanki a petulo adakali pansi, madzi athu ayezedwe

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za malo ena omwetsera mafuta omwe adatsekedwa kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia. Mapampu adazula, chikwangwani adachotsa, koma matanki adawasiya pansi. Thanki yachitsulo ikakhalitsa m'dothi imachita dzimbiri n'kuboola, ndipo petulo wotsalira amalowerera mpaka kukayandama pamwamba pa madzi apansi omwe timatunga m'zitsime.

Amayi a kumunsi kwa malowa akuti m'dzinja, madzi akakwera, ndowa ya m'mawa imamveka kafungo ka mafuta, pamwamba pakuoneka timawanga tonyezimira. Ena akungothira Certeza, mankhwala oyeretsera madzi, n'kumwa. Mankhwalawa amapha tizilombo, inde, koma petulo samuchotsa. Mu petulo muli benzene, yemwe amayambitsa khansa ya m'magazi, ndipo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati asapitirire mamaikulogalamu 10 pa lita imodzi ya madzi akumwa. Mlingo wochepa chonchi mphuno siingaugwire, choncho chitsime chosanunkha sindiye kuti n'chabwino.

Pempho langa kwa a AQUA, oona za chilengedwe, ndi ili: akumbitse timijigo toyezera kuzungulira malowa, makamaka mbali yotsetsereka, azitapa madzi m'chilimwe ndi m'dzinja n'kukayeza ku labotale. Kuyeza kamodzi sikukwanira, poti mafuta amayenda pang'onopang'ono pansipo. Zotsatira azikatiuza pamsonkhano wa kwa amfumu, m'chinenero chathu.

Ndalama zake alipire mwini malowo, ndi matankiwo afukule. Pakadali pano, mabanja oyandikira apatsidwe pena potunga.

Wokhudzidwa,
Ulongwe, Angónia