Kompyuta yodziphunzitsa yokha ikufunikabe woiwongolera

Akonzi,

Ndiloleni ndithirirepo ndemanga pa nkhani ya makompyuta amene amadziphunzitsa okha powerenga intaneti usana ndi usiku. Mu Januwale 2010, akatswiri a pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku Pittsburgh, motsogozedwa ndi Tom Mitchell, adayatsa pulogalamu yotchedwa NELL, imene ntchito yake inali kuwerenga masamba mamiliyoni ambiri a Chingerezi, kutolamo mfundo, monga yakuti mzinda wakutiwakuti uli m'dziko lakutilakuti, ndi kugwiritsa ntchito mfundozo kuti mawa lake iwerenge bwino kuposa dzulo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi momwe cholakwa chimodzi chimaberekera zinzake. NELL idakumana ndi mawu akuti cookies, amene pa intaneti amatanthauza tizidziwitso tosungidwa m'kompyuta, koma iyo idawaika m'gulu la zophikaphika monga mabisiketi. Itaona kuti anthu amalemba za kufufuta ma cookies ndi kufufuta mafayilo m'ziganizo zofanana, idakhulupirira kuti mafayilonso ndi chakudya, mpaka padafunika munthu kuti alowererepo ndi kuikonza.

Ngati zotere zidachitika m'Chingerezi, chinenero chodzaza intaneti yonse, ndikuda nkhawa kwambiri ndi Chichewa, chimene zolembedwa zake n'zochepa, ndipo liwu limodzi ngati lakuti mtengo limatanthauza chomera komanso ndalama zogulira katundu pamsika. Ndikupempha amene akupanga makina otere kuti alembe ntchito anthu odziwa bwino chinenero chathu, kuti aziunika zimene makinawo akumeza zisanafike kwa ana athu asukulu.

Wowerenga wanu,
Zomba