Lipoti la msonkhano munandituma uja

Anzanga a mu komiti, ndabwerako ku msonkhano uja wa za khalidwe la munthu ndi mmene amawerengera ku yunivesite, nde ndati ndikuuzeni zikadali mmutu.

Anayamba ndi zomwe akatswiri a psychology amati Big Five, mbali zisanu za khalidwe zomwe Costa ndi McCrae anazitchukitsa: kukonda zatsopano, khama ndi dongosolo, kumasuka pagulu, kumvana ndi anthu, komanso kuda nkhawa msanga. Pa zisanuzi chomwe chimayendera limodzi kwambiri ndi magiredi ndi khama ndi dongosolo lija. Arthur Poropat mu 2009 anasonkhanitsa kafukufuku wambirimbiri nkupeza zomwezi, ndiye kuti uja amayamba asainimenti tsiku lomwe yaperekedwa, amalowa mkalasi ngakhale lekchara akhale wogonetsa tulo, ndi amene nthawi zambiri amakhoza. Kumasuka pagulu sikuwonjezera magiredi kwenikweni ku yunivesite.

Apa mtima unandipweteka ndithu, chifukwa ife tikamati uyu ali ndi chidwi timanena amene amakweza mkono nkumalankhula mu disikashoni. Chaka chatha mgulu lathu munali mtsikana wina wofatsa, samatsegula pakamwa olo pang'ono, mpaka tinkafuna kumuchotsa kuti akungodzaza malo, koma tsiku lina nditabwereka kope lake ndinapeza mafunso odzifunsa yekha pa mutu uliwonse, ena atawachonga, ena atalemba pambali kuti "ndibwerezenso Lachinayi". Anthu inu, ndi zomwezo anatiphunzitsa kumsonkhanoko! Roediger ndi Karpicke mu 2006 anaonetsa kuti kutseka buku nkumayesa kukumbukira kumasunga zinthu mmutu nthawi yaitali kuposa kungowerenga notsi mobwerezabwereza. Mtsikana uja timamulakwira.

Wina anafunsa kuti nanga wopanda dongosolo ndiye kuti zake zatha, anabadwa choncho basi? Anamuyankha kuti ayi, khalidwe limasintha ndipo khama limakula kwambiri munthu akamakula kudutsa zaka za m'ma 20. Anatchulanso Peter Gollwitzer, amene anaonetsa kuti pulani yonena nthawi ndi malo, ngati "ndikatuluka mkalasi ya 10 koloko ndikupita ku laibulale kukalemba tsamba limodzi", imatheka kuposa kungoti ndiwerenga mawa.

Zija timauza anthu kuti ena amaphunzira ndi maso okha ena ndi makutu, anati umboni wake ndi wochepa, tizisiye.

Nde pempho langa ndi loti m'magulu a mafesitiyeya, tisanayambe kukambirana aliyense azilemba kaye yankho lake papepala kwa mphindi 5, kuti ofatsa aja nawonso amveke. Komanso timayeso ting'onoting'ono sabata iliyonse, topanda malikisi, tingathandize anzathu amene manja amanjenjemera akangoona pepala la mayeso kuti azolowere. Ndikufuna anthu awiri ondithandiza kukonza mafunso miting'i yathu isanafike, amene angathe andiuze.