Kalata kwa mwana wanga: za kumvetsera ma-beacon a ndege

Mwana wanga wokondedwa,

Wandiuza kuti wayamba kusaka pa wailesi ma-beacon a NDB, timasiteshoni tapansi totumiza chizindikiro mbali zonse, koma ukungomva phokoso lokhalokha. Usathamangire kugula wailesi ina. Pa mafunde apansiwa, kawirikawiri vuto limakhala m'nyumba momwemo.

Ma-beacon ambiri ali pakati pa 190 ndi 535 kHz. Anawaikira oyendetsa ndege, kuti singano ya ADF, chida cha m'ndege cholondolera njira, iziloza komwe kuli beacon. Iliyonse imangobwereza dzina lake m'Morse (zilembo za timadontho ndi timizere), chilembo chimodzi, ziwiri kapena zitatu, pang'onopang'ono, pafupifupi mawu 7 pa mphindi. Zambiri mphamvu zake n'zochepa, mawati makumi angapo basi, n'chifukwa chake kaphokoso kakang'ono kamazikwirira.

Yamba ndi phokosolo. Yendetsa wailesi ndi laputopu pa batire, uike pa 300 kHz, uzimitse switchi yaikulu ya magetsi. Phokoso likatsika, yatsa mbali imodziimodzi mpaka upeze chomwe chikuyambitsa phokosolo. Nthawi zambiri amakhala machaja a foni, mababu a LED, inveta ya sola kapena TV. Chaja ya laputopu yomweyo ndiyo yoyamba kuikayikira.

Eriyo ukhoza kupanga wekha. Khoma fulemu yamatabwa ya mbali zinayi, mbali iliyonse mita 1. Zunguliza waya wokutidwa maulendo 20, kusiya mamilimita 5 pakati pa mizere. Ukaithinanitsa, eriyo siifika kumtunda kwa bandi. Nsonga ziwirizo uzimange ku kapasita yotembenuza ya wailesi yakale, ya zigawo ziwiri za 365 pF, zigawozo utazilumikiza pamodzi. Zikatero iyambira chapafupi ndi 190 kHz n'kupitirira 500. Mkati mwa fulemu zunguliza waya wina kamodzi kokha, wosakhudzana ndi woyamba, ndipo ameneyu ndiye apite ku chingwe cha coax, cholumikiza eriyo ndi wailesi. Ukalumikiza wailesi ku waya wa maulendo 20 uja, eriyo imafooka ndipo kapasita sisankhanso kanthu. Eriyoyi imamva kwambiri kumene kwaloza m'mphepete mwake, ndipo imagontha kumene kwayang'ana nkhope yake. Kugonthako n'kwamtengo wapatali: itembenuze pang'onopang'ono mpaka phokoso, kapena beacon yamphamvu yapafupi, itazimirira, ndipo yakutali idzatulukira pansi pake.

Ukasankha mini-whip ya PA0RDT, eriyo yaing'ono yokhala ndi chokuzira mafunde, iike panja, kutali ndi nyumba, ndipo chikopa cha coax, waya wolukidwa wozungulira wapakati, uchilumikize ku ndodo yachitsulo yokhomedwa m'nthaka. Kupanda kutero chingwecho chimatola phokoso la m'nyumba n'kulikweza nalo kumtunda. Pa mawailesi a SDR, oyendetsedwa ndi pulogalamu ya pa kompyuta, Airspy HF+ Discovery kapena SDRplay imagwira bwino kumeneku. Timadongo totchipa ta RTL-SDR timamva movutikira pansi pa 500 kHz. Ukamva mawu a anthu kapena nyimbo pakati pa ma-beacon, dziwa kuti masiteshoni a medium wave akuilemera wailesi yako. Chepetsa gain, mphamvu yomwe wailesi ikukuzira mafunde, kapena ika fyuluta yotsekereza zonse za pamwamba pa 520 kHz.

Tsopano pano ndi pamene ambiri amaphonya. Usamvere mu AM. Beacon ya pa 350 kHz imatulutsa carrier, funde lake lalikulu, yosadukiza pa 350, koma dzina lake lili m'mbali, 400 Hz kapena 1020 Hz kumtunda ndi kumunsi. Choncho ika wailesi pa CW, njira yomvera Morse, upite pa 351.020 kapena 348.980, ndipo ikakhala ya 400 Hz, pa 350.400 kapena 349.600. Kenako finya fyuluta. Kuchoka pa 2400 Hz kufika pa 24 Hz, phokoso limatsika ka 100, kutanthauza 20 dB, pamene beacon yakhala momwe inalili. Palibe eriyo yogula yomwe ingakupatse phindu lotere mwaulere. Ukafinya kupyola pamenepo, timadontho timayamba kulowana ndipo S (timadontho titatu) imamveka ngati T (kamzere kamodzi). Zindikiranso kuti ma-beacon ambiri a ku France amadula carrier yeniyeniyo, ndiye dzina lawo ulipeza pa nambala yomweyo. A ku Canada ambiri ndi a 400 Hz, ndipo amatsatiza kamzere katali pambuyo pa dzina.

Masana udzamva zapafupi zokha, chifukwa gawo la D la mlengalenga limameza mafundewa. Dzuwa likalowa gawolo limazimirira ndipo zakutali zimafika. Nyengo yozizira, pamene ziphaliwali zachepa, ndiyo yabwino. Jambula bandi yonse usiku pa kompyuta, m'mawa uionere pa waterfall, chithunzi cha mafunde, mu pulogalamu ya SDR# kapena HDSDR. Diso limaona timizere tomwe khutu laphonya.

Chimene ndikukupempha kwambiri n'chakuti usalembe beacon chifukwa choti mndandanda wati iyenera kukhala pamenepo. Khutu limamva zomwe mtima ukufuna. Imve katatu konse, yeza kutalikirana kwa dzina lake ndi carrier, uwerengenso masekondi kuchokera poyambira dzina kufika poyambiranso. Ma-beacon awiri akhoza kukhala pa frequency imodzi, koma nthawi yobwereza imasiyana. Zitatuzi zikagwirizana ndi za pa mndandanda wa RWW pa intaneti, wa ma-beacon omwe anthu anamva padziko lonse, lemba tsiku ndi nthawi ya UTC, yogwiritsidwa ntchito padziko lonse. Mayiko ambiri akuzimitsa ma-NDB popeza ndege zadalira GPS, ndiye yamba ndi akufupi nawe, uwalembe onse akadalipo.

Ukamaliza fulemuyo unditumizire nambala ziwiri: pomwe ikuyambira kapasita itatsekedwa, ndi pomwe ikuthera itatsegulidwa. Ikalephera kufika pa 500 kHz, chotsapo maulendo 2.

Ndine bambo ako.